Yankho: kubwereka zida zosinthira ma shock absorber ku Zomba

Achimwene, mwafunsa komwe mungabwereke spring compressor (chida chopanikizira sipuling’i) ndi torque wrench (sipanala yomangira manati pa muyeso woyenera) kuti musinthe nokha ma shock absorber akutsogolo a Toyota Vitz yanu. Njira yodalirika kuno ku Zomba ndi kukambirana ndi makaniko amene amakudziwani kale, kaya wa ku Chinamwali kapena ku Matawale, n’kugwirizana za ndalama, chikole ndi tsiku lobweza, chifukwa zida zimenezi ndiye khasu lake ndipo sangazipereke kwa munthu wachilendo.

Musanatenge spring compressor muiyang’anitsitse pamaso pa mwiniwake. Zimakhala ziwiri, zogwira sipuling’i uku ndi uku, ndipo ngati mazinga ake adyeka kapena ngowe zake zapindika, muisiye, pakuti sipuling’i yopanikizidwa ikapulumuka imathyola dzanja ngakhale nsagwada. Chonde musayese kuimanga ndi waya monga amachitira ena. Ine ndingakonde kuti muchotse mwendo wonse wa shock absorber pakhomo panu, galimoto itakhazikika pa ma axle stand (zitsulo zochirikizira galimoto yokwezedwa) osati pa jeke yokha, kenako mupite nawo ku galaja akakupanikizireni sipuling’iyo pamtengo wochepa.

Torque wrench ndi yomangira basi, musamasulire nayo manati olimba, chifukwa imasokonekera muyeso. Manati a matayala a Vitz amamangidwa pa 103 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira, umene mumatchera pa torque wrench), koma a mwendowo muone m’buku la galimotoyo. Pobweza torque wrench muibwezeretse pa nambala yotsika kwambiri, muipukute, ndipo mukamaliza zonse mukachititse alignment (kuwongola kaimidwe ka matayala) musanakwere msewu wa ku Chawe.