Kaisara wa kalembera ndi Kaisara wa pa ndalama, yankho kwa amalume

Amalume mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu lija ndaliona pagulupu, ndiye ndati ndingojambula mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitaliko. Mwafunsa kuti Kaisara Augusto wa pa Luka 2, uja analamula kalembera, ndi yemweyo kodi amene nkhope yake inali pa ndalama Yesu atanena kuti za Kaisara mupereke kwa Kaisara, komanso ngati limeneli linali dzina lake lobadwa nalo. Iyayi amalume, ndi anthu awiri. Wa kalembera ndi Augustus, wa pa ndalama ambiri amati ndi Tiberius, amene analowa m'malo mwake mu 14 AD, ndipo Luka 3 amamutchula dzina ndithu.

Augustus uja anabadwa mu 63 BC ndipo makolo ake anamutcha Gaius Octavius basi. Dzina loti Caesar analipeza chifukwa Julius Caesar, amene anali malume a mayi ake, analemba mu wilu kuti mnyamatayu akhale mwana wake, ndiye poyamba linali dzina la banja chabe, kenako aliyense wolowa pampando ankalitenga mpaka linasanduka udindo, za Kaiser ku Germany ndi Tsar ku Russia zija gwero lake ndi pomwepa.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi, Aroma ankadana koopsa ndi mawu oti rex, mfumu. Anathamangitsa mfumu yawo yomaliza, Tarquinius Superbus, cha mu 509 BC, ndipo kuchokera pamenepo munthu ukangoganiziridwa kuti ukufuna ufumu, moyo wako unali pachiswe. Julius Caesar atalandira udindo wa dictator wa moyo wonse sipanapite nthawi, pa 15 Malichi 44 BC anzake omwe a ku Seneti, bwalo la akuluakulu a ku Rome, anamubaya mpaka kufa. Octavius zimenezi anaziona. Ndiye atagonjetsa Antony, amene ankalimbirana naye ulamuliro, ndi Cleopatra, mfumukazi ya Egypt, pa nkhondo ya ku Actium mu 31 BC, asilikali onse ali mmanja mwake, chuma cha Egypt chili mmanja mwake, sananene kuti ndine mfumu ayi, anapita ku Seneti nkunena kuti mphamvu ndikubweza kwa inu, iwo nkumubwezeranso zigawo zimene kunali asilikali ambiri, kenako pa 16 Januwale 27 BC nkumupatsa dzina loti Augustus, lomwe linkanenedwa pa zinthu zopatulika ngati makachisi. Panali maganizo oti atchedwe Romulus, amene anayambitsa mzinda wa Rome, koma Romulus anali mfumu, ndiye analisiya. Iye mwini ankakonda kutchedwa princeps, kunena kuti woyamba pakati pa nzika, ndipo ankakana kuti anthu azimuti dominus, mbuye, chifukwa umo ndi mmene kapolo ankaitanira mwini wake. Ine ndimaona kuti apa mpamene panagona nzeru za munthuyu, ufumu anautenga wonse koma dzina lake lokha ndi limene analikana, ndipo analamula zaka zoposa 40 nkufa imfa ya ukalamba.

Mayina enawo ankabwera limodzilimodzi, sankathamangira. Imperator poyamba anali mawu amene asilikali ankafuula kwa mkulu wawo akapambana nkhondo, tinene ngati mmene kwathu kuno timamvera mawu oti Ngwazi, iye nkulitenga kukhala dzina lake loyamba. Udindo wa pontifex maximus, mkulu wa ansembe, anadikira mpaka Lepidus amene anali nawo atamwalira, ngakhale anali mdani wake, nkuulandira mu 12 BC. Ndiye pali ili limene limandikhudza ine, pater patriae, bambo wa dziko. Cicero, wandale wina wa ku Rome, analipatsidwa mu 63 BC ataulula chiwembu cha Catilina chofuna kulanda boma. Augustus analipatsidwa mu 2 BC ali ndi zaka 60, Valerius Messalla ndi amene analankhula mmalo mwa Seneti yonse, ndipo olemba mbiri akale amati mkuluyu anagwetsa misozi poyankha. Taganizani amalume, munthu woti ali ndi chilichonse, komatu dzina limeneli sakanatha kudzipatsa yekha, linkayenera kuchokera kwa ena. Koma Tiberius analikana mpaka imfa yake.

Tsopano pa ndalama paja. Dinari ya Tiberius inalembedwa mwachidule kuti Tiberius Caesar Augustus, mwana wa Augustus wosanduka mulungu, kuseri kwake pontifex maximus. Eya, Seneti inkatha kuvota kuti wolamulira amene wamwalira akhale divus, azimupangira kachisi ndi ansembe ake. Ndiye mukamawerenga Yesu akufunsa kuti nkhope iyi ndi malemba awa nza yani, dziwani kuti kwa Myuda malemba amenewo anali olemera kwambiri, sinali nkhani ya msonkho yokha.

Obwera pambuyo ena anachita nazo mopyola. Domitian amati ankafuna azitchedwa dominus et deus, mbuye ndi mulungu, anaphedwa mu 96 AD ndipo Seneti inalamula kuti dzina lake lifufutidwe pa miyala. Commodus anafika posintha mayina a miyezi yonse 12 kuti ikhale mayina ake, nayenso anamupha mu 192. Pomwe Trajan Seneti inamupatsa loti Optimus, wabwino koposa, ndipo anthu anapitiriza kumutchula choncho iye atapita kale.

Munafunsanso za atsogoleri a mmatauni, nawonso anali ndi mayina awo aulemu. Ku Pompeii, tauni ija inakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius mu 79, kunali mkulu wina Marcus Holconius Rufus wa nthawi ya Augustus yomweyo. Anasankhidwa kasanu kukhala duumvir, mmodzi mwa akuluakulu awiri oyendetsa tauni, anali wansembe wa Augustus, ndipo anamupatsa dzina loti patronus wa tauniyo, ngati nkhoswe yoiyankhulira kwa akuluakulu ku Rome. Komatu sizinali zaulere, iye ndi mbale wake Celer anakonzanso bwalo lalikulu la zisudzo ndi ndalama za mthumba mwawo, tauni nayo nkumuimikira chiboliboli komanso kumulembera maudindo ake ndi zilembo za mkuwa pamalo pamene ankakhala mu bwalomo. Miyala yolembedwa dzina lake ilipo mpaka lero, chibolibolicho chili ku myuziyamu ku Naples.

Moni kwa onse kunyumbako.