Kwa achemwali a ku Lizulu amene ma phrasal verb awazunguza mutu

Achemwali, mwati muli Fomu 4, mwakopera ma phrasal verb (aneni oyenda ndi timawu ngati up, off kapena out) ndi zining'a za Chingerezi kope lonse kudzaza, koma mukakhala pansi kuti mulembe chimangirizo palibe n'chimodzi chomwe chimabwera m'mutu, ndiye mukufunsa njira yolowezera msanga. Ndinaphunzitsapo Chingerezi pa sekondale ina konkuno ku Ntcheu, ndipo ndikuuzeni kuti mutu wanu ulibe vuto. Chakupwetekani ndi mndandandawo.

Taganizani mzungu woti akuphunzira Chichewa. Waloweza kutaya, waloweza mtima. Tsiku lina akumva mayi akuuza mwana kuti usataye mtima, iye n'kuyamba kuyang'ana pansi kufuna chimene chagwa. Nanga akamva kuti uje wanditsina khutu, kapena kuti akutidyera masuku pamutu? Ifeyo sitinaloweze zimenezi. Tinazimva kwa agogo nkhani ili mkati, n'chifukwa chake sizichoka. Azungu nawo n'chimodzimodzi: give ndi kupatsa, up ndi m'mwamba, koma give up ndi kuja kutaya mtima n'kusiya. Tip off ndiye kutsina khutu, take advantage of ndiye masuku pamutu aja. Mukapeza mnzake wa m'Chichewa chotere, mwalemera, mulembeni pambali pomwepo.

Ana anga ndinkawakweza minibasi ya m'maganizo. Tiyeni nanu. Mwakwera pa Lizulu kupita ku Dedza boma pa msewu wa M1. Kunyamuka kuja ndi set off. Dalaivala akamatola anthu m'njira, he picks them up. Apolisi akamuimitsa n'kupatukira m'mbali, he pulls over. Mafuta akatha musanafike pokhotera ku Bembeke, we have run out of fuel, koma injini ikafa yokha, the minibus has broken down. Kondakitala akakubererani pa chenji, he has ripped you off, ndipo mukafika pa boma, you get off. Asanu ndi awiri amenewo, ndipo mudzawakumbukira nthawi iliyonse mukamva fungo la petulo. Mawa chitani zomwezi ndi msika wa kabichi ndi mbatata ya kachewere, mkuja za kuchipatala. Lembani ziganizo zathunthu, osati mawu okhaokha.

Mwaona kuti ndalemba picks them up? Mawu ngati it, him, them amalowa pakati: turn it off, osati turn off it. Koma ena sagawika. Kulera mwana ndi look after her basi, simungati look her after. Dikishonale yabwino ya ophunzira imasonyeza amene amagawika ndi amene sagawika, muzikayang'ana pamenepo.

Pali zina zimene tinazolowera kuno kwathu mpaka timaziyesa zolondola. Cope up with kulibe, ndi cope with. Discuss about kulibe, ndi discuss yekha. Kuzimitsa getsi ndi turn off kapena switch off, osati put off. Put off ndi kukankhira chinthu tsiku lina. Apa samalani kwambiri, chifukwa put off ndi call off zimasiyana ngati usiku ndi usana. Ukwati ukakhala put off, sungani chitenje chanu, tidzavinabe. Ukakhala called off, ankhoswe apita kwawo, zatha.

Za mayeso tsopano. Mukudziwa kale kuti a MANEB sapereka satifiketi ya MSCE kwa munthu amene walephera Chingerezi, ndipo kuti musankhidwe ku yunivesite ya boma pamafunika ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, kutanthauza giredi 6 kapena yabwino kuposa apo. Ndiye dziwani pogwiritsa ntchito chilichonse. M'nthano ndi m'kalata ya kwa mnzanu, put off, look into ndi put up with zimakoma. M'lipoti kapena kalata ya ku ofesi, lembani postpone, investigate ndi tolerate. Muziwaphunzira awiriawiri chotero, ndiye mawu apamwamba aja mukuwafuna abwera okha.

Zining'a musathire ngati mchere wa m'matemba. Chimodzi kapena ziwiri pa chimangirizo chonse zakwana. Ndipo chonde, raining cats and dogs mulekeni apume. Ndinamuchonga mpaka kutopa, mwana aliyense mvula yake inali ya amphaka ndi agalu ngakhale nkhani ikuchitika mu Okutobala.

Nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale yakale yokulungira tomato, iwerengeni ndi cholembera m'manja, mudule mzere pansi pa phrasal verb aliyense mwamupeza. Tayambani ndi ulendo wa ku Dedza uja, mulembe ziganizo zanu zisanu pansipa. Ndikabwerako kudimba madzulo ndidzakuchongerani.