Malo aulimi m'dziko: n'chifukwa chiyani ziwerengero zimasemphana?

Wowerenga wina watitumizira imelo. Akufuna kuona mmene malo aulimi a dziko lina asinthira kuyambira m'ma 1960, koma mutu waima: buku lina likuti ulimi watenga malo oposa theka la dzikolo, lina likuti sunafike ndi pa 10 peresenti pomwe. Akufunsa kuti akhulupirire liti.

N'kutheka kuti onse akunena zoona, kungoti sakuwerenga chinthu chimodzi. Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, lomwe lili ndi ziwerengero za mayiko kuyambira 1961, limagawa malo aulimi patatu. Pali minda ya mbewu zobzala chaka ndi chaka, kuphatikizapo minda yogonekedwa kosakwana zaka zisanu. Pali minda ya mbewu zokhalitsa monga khofi, tiyi ndi mitengo ya zipatso. Ndiye pali malo odyetserako ziweto, ndipo chisokonezo chimachokera pamenepa. Padziko lonse malo aulimi ndi mahekitala pafupifupi 4.8 biliyoni, koma olimapo mbewu ndi pafupifupi 1.6 biliyoni okha. Otsalawo ndi msipu. Saudi Arabia imaoneka kuti pafupifupi 80 peresenti ya dzikolo ndi yaulimi, chifukwa chipululu chomwe ngamila ndi nkhosa zimadyamo chimawerengedwa, pomwe minda yeniyeni siposa 2 peresenti. Egypt ili cha pa 4 peresenti basi, komatu pafupifupi malo onsewo ndi minda yothirira, makamaka m'mbali mwa mtsinje wa Nile.

Choncho mukatsegula FAOSTAT, tsamba la ziwerengero la FAO pa intaneti, sankhani mzere umodzi n'kuutsata zaka zonse: "Agricultural land" ngati mukufuna zonse zitatu, "Cropland" ngati mukufuna minda yokha. Manambalawo ali m'masauzande a mahekitala, ndiye mukaona 2,500 dziwani kuti ndi mahekitala 2.5 miliyoni. Pofuna peresenti, gawani ndi kukula kwa mtunda wokha, osaphatikiza nyanja ndi mitsinje ikuluikulu. Ngati buku lanu likuyeza m'maekala, hekitala imodzi ndi maekala 2.47.

Mukajambula galafu (chithunzi cha mzere woonetsa kukwera ndi kutsika kwa manambala), musafulumire kukhulupirira maso anu. Mzere ukagona chimodzimodzi zaka zambiri kenako n'kulumpha chaka chimodzi, kawirikawiri si kuti alimi aswa mphanje usiku umodzi. FAO imalimbikitsa kalembera wa zaulimi kamodzi pa zaka khumi, mayiko ena amadumphitsanso, ndipo zaka zapakatipo zimadzazidwa ndi zoyerekeza mpaka kalembera watsopano atakonza. Nambala iliyonse ili ndi kachizindikiro pambali kosonyeza ngati yachokera ku boma kapena ndi yoyerekeza. Ambiri amakafufuta pokopera, ndipo kumeneko n'kulakwitsa kwakukulu. Onaninso malire: Sudan inagawika mu 2011, dziko la Soviet Union linatha mu 1991 n'kugawikana kukhala mayiko angapo, ndiye kutsika kwa manambala pa zaka zimenezo si nkhani ya ulimi.

Msampha wina ndi wa malo okololedwa. Munda wa hekitala imodzi wokololedwa kawiri pachaka umalembedwa mahekitala awiri pa malo okololedwa, koma umakhalabe hekitala imodzi pa malo olima. Mukaphatikiza mbewu zonse za dziko lothirira kwambiri, mutha kupeza minda yoposa yomwe ilipodi.

Ife tikadakhala inu tikadawonjezera mzere wachiwiri: minda kugawa ndi chiwerengero cha anthu. Mu 1961 munthu mmodzi padziko lapansi ankagwera hekitala pafupifupi 0.45, lero ndi cha pa 0.2, poti anthu achoka pa 3 biliyoni kufika pa 8 biliyoni pomwe minda yakula pang'ono chabe. Chakudya chowonjezerekacho chachokera kwambiri ku feteleza, mbewu zamakono ndi ulimi wothirira.

Ndipo nambala ikapanda kusintha, sikuti nthaka yake ndi yomweyo. Mzinda ukhoza kumeza minda yachonde mahekitala 50,000 pomwe kwina nkhalango ya m'mapiri yofanana kukula yagwetsedwa n'kulimidwa, tebulo n'kuonetsabe nambala yakale. Kuti muone zimenezo mufunika zithunzi za setilaiti za Landsat, zomwe zinayamba kujambulidwa mu 1972.