Musamati anachita mwayi

Achimwene, mawu anu oti akaidi aja omwe boma la Britain linkawatumiza ku Australia kalekale anachita mwayi poti Australia lero ndi dziko lolemera andibaya pamtima. Mwayi wanji? Amalankhula choncho ndi munthu amene sanakwezedwepo galimoto ali womangidwa, osadziwa ngati ana ake adzawaonanso.

Ambiri mwa anthu aja sanali zigawenga ayi. Anali amphawi, wina waba nsalu, wina nkhosa, wina mpango. Chilango chake zaka 7, zaka 14 kapena moyo wonse kutsidya kwa nyanja. Zombo 11 zoyamba zinanyamuka padoko la Portsmouth ku England mu Meyi 1787, kukafika ku Australia mu Januwale 1788, miyezi 8 ali pamadzi. Munalinso kamnyamata kosesa m'machumuni, John Hudson, komwe anakaweruza kali ndi zaka 9 zokha. Pofika 1868 anali atatumiza anthu pafupifupi 162,000. Nanga wa zaka 7 uja zikatha, ya chombo chobwerera aitenga kuti? Ambiri anakalambira konko.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ulendo wachiwiri, wa 1790. Boma linapereka ntchitoyo kwa kampani yochita malonda a akapolo, n'kumailipira pa mutu uliwonse wokwera chombo, kaya afike wamoyo kaya afe. Ndiye chakudya akanawapatsiranji? Anawamanga maunyolo pansi pa chombo, mumdima, m'madzi onunkha. Mwa anthu pafupifupi 1,000, oposa 250 anafera panjira. Mnzako womangidwa naye akafa unkangoti zii, kumagona pambali pa mtembo kuti uzilandira phoso lake, mpaka fungo litaulula.

Ine kuwerengedwa ngati mbuzi ndikukudziwa. Ku Joni ndinagwira ya zomangamanga miyezi itatu kwa bwana wina osalandira kanthu, nyimbo yake "Lachisanu, Lachisanu." Lachisanu lakelo anatiuza tidikire kuseri kwa nyumba akatenge maenvulopu. Chimene chinabwera ndi galimoto ya apolisi. Iye ali chilili pageti, dzanja limodzi m'thumba, lina likuseweretsa foni, osatiyang'ana n'komwe. Manja anga anali simenti yokhayokha, nsapato imodzi inatsalira m'matope pondikoka. Mkazi wanga anali ndi khanda la milungu itatu m'kachipinda ka lendi, atandisungira nsima m'kontena. Sindinatsanzike. Komwe anakatisunga ankatiwerenga m'mawa ndi madzulo titanjuta pamzere, palibe wofunsa dzina. Bwana ameneuja Baibulo silinkachoka m'galimoto mwake! Thukuta langa anadya, ndipo ndikamukumbukira mtima umawira mpaka lero.

Akaidi aja podikira chombo ankatenga kobiri, kulipala mpaka lisalale, n'kuzokotapo dzina ndi mawu otsanzika kuti asiyire mkazi kapena mayi. Makobiri amenewo alipobe kumalo osungira zinthu zakale. Nditawaona pa intaneti ndinalira, chifukwa ine ngakhale kobiri sindinasiye.

Akafika ankawagawa kwa eni minda kukagwira ntchito yaulere, pa nthaka yolanda kwa eni dziko, Aaborijini. Ukamuyankha bwana, chikwapu cha michira 9, zikoti 50 msana n'kusanduka nyama. Ukabwereza, ulendo wa ku ndende zankhanza za Port Arthur kapena Norfolk Island. Amayi ku ndende ya akazi ya ku Parramatta ankawameta mpala pofuna kuwachititsa manyazi. Wodzichepetsa ndiye ankapatsidwa kachikalata komulola kudzigwirira ntchito chilango chisanathe, koma akangolakwa pang'ono ankamulanda.

Ndikudziwa wina anditchulira Mary Reibey, kamtsikana komwe anakagwira ndi hatchi yakuba, kanafika ku Sydney mu 1792 n'kudzalemera ndi malonda, mpaka nkhope yake ili pa ndalama ya madola 20 ya kumeneko. Zoona zimenezo. Koma pa ndalamapo palibe nkhope za amene anaponyedwa m'nyanja.

Achinyamata a pagulu pano, musapite kunja opanda mapepala, ndakupemphani. Bwana akangodumphitsa malipiro mwezi umodzi, nyamulani zanu muchokepo, musadikire Lachisanu. Komabe mpata ukapezeka pitani ndithu, musamangokhala pakhonde kudikira ntchito yomwe kulibe. Ineyo pasipoti ikangotuluka ndikubwerera. Mwana uja wayamba sukulu chaka chino, ndipo yunifolomu yake ndangoionera pa foni.