Kodi wojambula mapulani angachite PhD ya nyumba ndi thanzi? Yankho kwa wowerenga

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene anaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Blantyre, nachita digiri ya masitazi, ndipo tsopano amagwira ntchito ku kampani yomanga. Iwo aona chilengezo cha yunivesite ina ya ku Britain chofuna wophunzira wa PhD (digiri yapamwamba ya kafukufuku) wolipiriridwa, amene adzafufuze za kamangidwe ka nyumba ndi malo okhala osamalira thanzi la anthu. Mafunso awo ndi awiri: kodi munthu amene sanaphunzire zachipatala angalandiridwe pa kafukufuku wotere, nanga mawu akuti maphunzirowo ndi olipiriridwa akutanthauza kuti iwo sadzatulutsa kalikonse m'thumba?

Mayi, pa funso loyamba yankho ndi lakuti mungalandiridwe, koma ndi bwino mudziwiretu kuti ntchito imene akukuitanirani si yojambula. Pa zaka zitatu ndi theka kapena zinayi zimene PhD ya ku Britain imatenga, nthawi yanu yambiri idzathera poyeza kutentha, chinyezi, utsi ndi kayendedwe ka mpweya m'zipinda, pofunsa anthu okhalamo, ndi powerengera ngati kusiyana kumene mwapeza n'kwenikweni kapena kwangochitika mwangozi. Wojambula mapulani amazolowera kutsimikizira mwini nyumba kuti pulani yake ndi yabwino, pamene wofufuza amayenera kukhala wokonzeka kupeza kuti pulani imene ankaikonda sinathandize aliyense. Ndikhalitsa pa mfundo imeneyi chifukwa ndi imene aphunzitsi adzayang'ane m'kalata yanu yofunsira malo.

Phunziro la nyumba ndi thanzi si lachilendo. Mu 1854 John Snow anasonyeza kuti anthu ambiri amene ankafa ndi kolera ku Soho mu London ankamwa madzi a pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, ndipo mu 1984 Roger Ulrich anafalitsa zotsatira za odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni yochotsa ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania, zosonyeza kuti amene zenera lawo linkayang'ana mitengo anatuluka msanga ndiponso anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekeza ndi amene ankangoona khoma la njerwa. Koma zimene zikukukhudzani kwambiri ndi zaposachedwa, ndipo zambiri mwa izo zinachitikira m'maiko osauka.

Taganizirani za mpweya m'zipatala. Ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, madokotala analengeza mu 2006 kuti mwa odwala 53 amene anapezeka ndi chifuwa chachikulu chosamva mankhwala ambiri, 52 anamwalira, ndipo panali umboni woti ambiri anachitengera kuchipatala komweko. Chaka chotsatira, gulu la Roderick Escombe linafalitsa zimene linayeza m'zipatala za ku Lima, ku Peru. Anapeza kuti kungotsegula mazenera ndi zitseko kunkasintha mpweya wa m'chipinda pafupifupi ka 28 pa ola, pamene zipinda zodalira makina zimayembekezeka kusintha ka 12 pa ola, komanso kuti zipatala zakale zomangidwa chaka cha 1950 chisanafike, za madenga aatali ndi mazenera aakulu, zinkafika pa 40 pamene zatsopano zinkathera pa 17. Ameneyu ndiye kafukufuku amene womanga angagwiritse ntchito mawa lomwe, chifukwa akumuuza kutalika kwa khoma ndi kukula kwa zenera. Chipatala cha Butaro ku Rwanda, chimene anajambula a MASS Design Group ndipo chinatsegulidwa mu 2011, chinatsata maganizo otere poika njira zoyendamo anthu kunja m'malo motsekera odwala m'makonde am'kati opanda mpweya. Gulu lomwelo ndi limene linajambula chidikiro cha amayi oyembekezera ku Kasungu, chimene chinatha mu 2015, ndipo ngati simunapiteko ndikukulangizani kuti mukachione musanalembe kalata yanu.

Tsopano mbali imene ambiri sakonda kuimva. Ku Chikwawa ndi ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Liverpool School of Tropical Medicine, wokhudza ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, pomwe mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, ena napitiriza kuphika pa mafuwa. Aliyense ankayembekeza kuti chibayo chichepa. Zotsatira zake, zimene zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, zinasonyeza kuti chibayo sichinachepe. Mbaula imawonongeka, mphika wachiwiri umabwerera pa mafuwa, mwana amapumabe utsi wa zinyalala zotenthedwa kuseri ndi wa kukhitchini kwa anansi. Ku Gambia nako, gulu la Steve Lindsay wa ku Durham University linasonyeza mu 2009 kuti kutchinga nyumba ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono kunachepetsa udzudzu wolowa m'nyumba pafupifupi ndi theka, ndiponso kunachepetsa vuto la kuchepa kwa magazi mwa ana. Koma pamene gulu lomwelo linayesa nyumba za malata zotsekedwa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, zokhala ndi zitseko ndi mazenera otchingidwa, zotsatira za mu 2021 zinasonyeza kuti ana a m'nyumbazo sanatetezeke ku malungo kuposa anzawo.

Ine sindiona zotsatira zimenezi ngati kulephera kwa phunziroli. Ndi chifukwa chenicheni chimene mayunivesite akufunirabe anthu ngati inu. Dokotala amadziwa kuwerenga ana odwala malungo, koma sadziwa kuti chitseko cha thabwa losauma chimapindika mvula ikayamba n'kusiya mpata pansi, kapena kuti nyumba ya malata yotsekedwa bwino imatentha kwambiri mu Okutobala moti banja limayala mphasa panja mpaka usiku, nthawi imene udzudzu ukuluma. Kutseka nyumba kumaletsa udzudzu koma kumasunga kutentha ndi utsi, kuitsegula kumatulutsa majeremusi a chifuwa chachikulu koma kumalowetsa udzudzu, fumbi ndi mantha a akuba, ndipo palibe buku la zachipatala limene lingathetse mkangano umenewu popanda munthu wodziwa makoma ndi madenga. Chitsanzo chabwino ndi kafukufuku wina wa ku Gambia komweko wa mu 2021, pomwe anakweza tinyumba toyeserera pa misanamira ya utali wosiyanasiyana, napeza kuti kanyumba kokwezedwa mamita 3 kankalowa udzudzu wochepa ndi 84 pa 100 alionse poyerekeza ndi kapansi. Funso limenelo ndi la wojambula mapulani, koma yankho lake linapezeka powerenga udzudzu m'misampha m'mawa uliwonse.

Chenjezo limodzi ndi lakuti chilengezo cha yunivesite ya ku Britain nthawi zambiri chimakhala ndi mavuto a ku Britain. Kumeneko nkhani zazikulu ndi kuzizira, chinyezi ndi nkhungu m'nyumba za lendi, kutentha kwa m'nyumba zosanja m'chilimwe, ndi utsi wa magalimoto. Imfa ya mwana wa zaka ziwiri ku Rochdale mu Disembala 2020, amene khoti linapeza kuti anafa chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba imene banja lake linkachita lendi, inabala lamulo lotchedwa Awaab's Law, lokakamiza eni nyumba zothandizira anthu osauka kukonza zinthu zotere m'nthawi yoikika. Malangizo a mu 2018 a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO onena za nyumba ndi thanzi amatchula madigiri 18 ngati kutentha kochepetsetsa koyenera m'nyumba nthawi yozizira, ndipo mfundo yotere ndi imene imatsogolera kafukufuku wambiri wa kumeneko. Ngati mutu wa kafukufuku unakonzedwa kale ndi mphunzitsi, simudzausintha kuti ukhale wa Ndirande kapena Mtandire. Zimenezi si zoipa kwenikweni, popeza kachipangizo koyezera chinyezi m'chipinda cha ku Manchester kadzagwira ntchito yomweyo ku Dedza, ndipo luso loyeza ndi limene mudzabwere nalo. Koma ngati mtima wanu uli pa nyumba za kwathu kuno, funani malo amene amalola wophunzira kubwera ndi funso lake, kapena mphunzitsi amene ali kale ndi ntchito ku Africa.

Pa funso la ndalama, werengani chilengezocho mosamala kuposa mmene mumawerengera mgwirizano wa ntchito yomanga. PhD zambiri zolipiriridwa ku Britain zimadalira ndalama za boma zodzera ku UKRI, bungwe lopereka ndalama za kafukufuku, ndipo m'chaka cha maphunziro cha 2025/26 ndalama yochepetsetsa yodyera inali £20,780 pa chaka, yosadulidwa msonkho, ndi kowonjezera pang'ono kwa okhala mu London. Kuyambira mu 2021 ophunzira a kunja amaloledwa kulandira thandizoli, koma sangapitirire 30 pa 100 alionse, ndipo UKRI imalipira fizi ya mulingo wa nzika zokha. Fizi ya wophunzira wa kunja ndi yokwera kangapo, moti kusiyanako yunivesite ina imakhululuka, ina imafuna kuti mulipire nokha. Musakhutire ndi mawu a pakamwa akuti zidzakonzedwa, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pemphani kalata yonena momveka kuti kusiyana kwa fizi kwachotsedwa kwa zaka zonse. Palinso ndalama zimene kawirikawiri sizilipiridwa: viza, tikiti ya ndege, mayeso a Chingelezi a IELTS, kuyezetsa chifuwa chachikulu kumene Amalawi amayenera kuchita asanapemphe viza, ndi msonkho wa zaumoyo wa £776 pa chaka umene umalipiridwa wonse pamodzi musananyamuke, kutanthauza zoposa £3,000 pa zaka zinayi. Ngati muli ndi banja, dziwani kuti kuyambira mu Januwale 2024 ochita masitazi wamba saloledwa kupita ndi mabanja, koma a PhD amaloledwabe, ngakhale kuti ndalama yodyerayo inawerengedwera munthu mmodzi.

Njira zina zilipo. Commonwealth Scholarship Commission ili ndi thandizo la PhD la maiko osauka, kuphatikizapo Malawi, limene limalipira fizi yonse ndi ulendo, ndipo limafuna kuti mudzabwerere kwanu mukamaliza. Ku Netherlands, Denmark, Sweden ndi Norway wophunzira wa PhD nthawi zambiri amalembedwa ngati wantchito wolandira malipiro, ndipo malo a PhD a pulogalamu ya Marie Skłodowska-Curie ya European Union amalandira anthu a dziko lililonse.

Chimene chikusowa pa mbiri yanu, monga mwaifotokozera, ndi umboni woti mumatha kuyeza ndi kuwerengera. Mungaupange musanafunsire. Bwerekani kapena gulani tizipangizo tiwiri toyezera kutentha ndi chinyezi, muike kena m'kalasi ya malata yopanda siling'i, kena m'kalasi yokhala nayo, mutapempha chilolezo kwa aphunzitsi aakulu, ndipo mulembe masamba awiri ofotokoza zimene mwapeza pamodzi ndi zimene tizipangizoto sitingathe kukuuzani. Phunzirani pulogalamu yowerengera ya R, imene ndi yaulere, ndipo mufunse ngati ofufuza a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, a ku bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome kapena a ku yunivesite ya MUBAS angafune wojambula mapulani pa ntchito yawo ina. Kenaka lemberani mphunzitsi amene dzina lake lili pa chilengezo, mutchule pepala lake limodzi limene mwawerenga mpaka kumapeto, mufunse funso limodzi lenileni pa njira imene anayezera, ndipo mumangirire masamba awiri aja. M'kalata yomweyo mufunse ngati malowo ndi otsegukira ophunzira a kunja ndiponso amene adzalipire kusiyana kwa fizi, chifukwa zilengezo zambiri za maphunziro oyamba mu Okutobala zimatsekedwa pakati pa Disembala ndi Febuluwale, ndipo makalata a aphunzitsi anu akale okuchitirani umboni amatenga nthawi kuti atuluke.