Mwana wosamva asamangotumidwa kukatunga madzi

Mphunzitsi wina wa Sitandade 5 wa cha ku Chitakale ku Mulanje wanditumizira imelo. Akuti m'kalasi mwake muli ana oposa 100, ndipo mwa iwo muli wosamva, wina wosaona bwino ndi awiri ochedwa kugwira zinthu. Akufunsa ngati kuphunzitsa kudzera mu pulojekiti, pomwe ana amafufuza okha yankho la funso pogwira ntchito m'magulu, kungawathandize anawa kuganiza mozama, kapena n'kungotaya nthawi poti mayeso a MANEB ndi olemba.

Aphunzitsi, kungawathandize ndithu, koma zimatengera gawo lomwe mwawapatsa. Njirayi ndi yakale. William Kilpatrick wa ku America analemba za iyo mu 1918, potsata ganizo la John Dewey loti mwana amaphunzira pochita. Komatu si kuchita kulikonse komwe kumadzutsa maganizo. Nthawi zambiri ana akagawidwa m'magulu, otchedwa anzeru aja amalanda kope ndi cholembera, waulumali n'kumupatsira ndowa. Ntchito imatha, anthu n'kuomba m'manja, iye osafunsidwako kanthu.

Sankhani funso lomwe ana akuliona ndi maso kwawoko. Ku Mulanje palibe amene waiwala zomwe namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023. Ndiye afunseni: bwanji nthaka imakokoloka pena, pena ayi? Dulani zigubu ziwiri zakutha. M'chimodzi ikani dothi lopanda kanthu, m'chinacho dothi lokumbidwa ndi udzu wake, mizu ili momwemo. Zipendekeni mofanana, thirani madzi ofanana, otulukawo muwalandire m'makapu.

Koma musanathire, dekhani. Mwana aliyense anene chomwe chichitike ndi chifukwa chake. Wosamva uja ajambule kapena afotokoze ndi manja. Madzi akatuluka, wosaona bwino apise chala pansi pa makapu onse awiri, ndiye auze gulu komwe kwatsalira matope ambiri. Kenaka mubwere ndi funso lomwe ine ndimaliona lofunika kuposa onse: wadziwa bwanji? Nanga chigubu chimodzi chikadapendekeka kwambiri? Nanga wothirayo akadakhuthula madzi mwaphuma? Tsiku lina mulakwitse dala, muone amene akugwireni. Musadabwe akakhala wosamva uja, poti iye maso ake amakhala pa manja anu.

Awiri ochedwawo ndi amene amafuna mtima wautali. Ntchito muziwagawira pang'onopang'ono, sitepe iliyonse ndi chithunzi chake, ndipo mukawafunsa dikirani. Chete ameneyu amatiwawa ife aphunzitsi, n'chifukwa chake timathamangira kuwayankhira. Anzawonso muwaletse. Yankho likakhota, musalikane msanga, auzeni athirenso madzi aone okha.

Pomaliza, poweruka aliyense akayang'ane pa njira yakwawo: bwanji minda ya tiyi ili potsetsereka koma sikokoloka ngati minda ina ya chimanga? Kodi vetiva tikamudzale pati pasukulu pano? Malowo asankhe ndi anawo, ndipo ateteze maganizo awo pamaso pa anzawo.

Za MANEB zisakudetseni nkhawa, kukokoloka kwa nthaka kuli kale m'phunziro la zaulimi. Pa chinenero chamanja ndi zilembo za osaona za Braille musalimbane nazo nokha. Funsani a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lanu, akulumikizeni ndi mphunzitsi amene adaphunzira za ana aulumali ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndipo ngati n'kotheka adzabwere tsiku lothira madzilo.