Ndikakhumudwa ndimathawira ku chakudya, ndipange bwanji?

Anti,
Ndine mayi wa zaka 34, ndili ndi ana awiri. Chibadwire mwana wachiwiriyo thupi langa likungokula, panopa ndikulemera makilogalamu 104. Kuntchito amandinena, ena mpaka kundifunsa kuti kodi muli ndi pakati, ine ndimangoseka nawo koma ndikafika kunyumba ndimalira kenako ndimadya, ndikadya ndimadzida, mawa lake ndimadzimana chakudya tsiku lonse usiku nkudyanso mowirikiza. Pagalasi sindifunanso kudziona. Ndatopa Anti.
Wodandaula

Achemwali,
Pepani, kalata yanu yandikhudza kwambiri makamaka pamene mwati mumaseka nawo chonsecho mtima ukuwawa. Choyamba musiye kudziona ngati munthu wolephera kudzigwira, zomwe mwafotokozazi zili ndi chifukwa chake m'thupimu. Munthu akakhala ndi sitiresi kwa nthawi yaitali thupi limatulutsa homoni yotchedwa cortisol, iyeyu amawonjezera chilakolako cha zakudya za shuga ndi zamafuta komanso amapangitsa kuti mafuta azisonkhana pamimba. Ndiye ukadya mtima umakhaladi m'malo kwa kanthawi kochepa, kenako manyazi amabwera, manyaziwo nkukhalanso sitiresi ina, basi mumangozungulira pomwepo. Anthu okunenaniwo mwina amaganiza kuti akukuthandizani koma kunyozedwa sikuchepetsa thupi, ambiri kumangowapangitsa kudya mobisa ndi kuopa kupita kuchipatala.

Kudzimana tsiku lonseko ndi kumene ndikufuna musiye kaye, chifukwa njala ya usiku ija mukuyiphika nokha masana. Muzidya katatu pa nthawi yake ngakhale dzulo lake munadya mopyola. Ndipo ikakugwirani ija yofuna kutsegula filiji mutangolira, dikirani mphindi 10 zokha, dzifunseni kuti kodi ndi njala kapena mkwiyo kapena kusungulumwa, imbirani foni mnzanu mmodzi amene mumamukhulupirira kapena tulukani muyende pang'ono. Masiku ena mudzadyabe, palibe mlandu, mawa lake pitirizani osadzipatsa chilango.

Tulo nato musatipeputse, munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa, ukagona mochepa homoni ya njala yotchedwa ghrelin imakwera. Ndi ana awiri ndikudziwa sizophweka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi, kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu zakwana kale, jimu siyofunika, ndipo maganizo amapepuka sikelo isanayambe nkomwe kusuntha. Musathamangire kutaya makilo 30, kungotsitsa 5 kapena 10 peresenti ya kulemera kwanu, kwa inu ndi makilo 5 mpaka 10, BP ndi shuga zimayamba kale kusintha.

Akuntchitowo musamasekenso nawo. Konzekeranitu mawu, ngati akuti "za thupi langa sindifuna tizikambirana", muwanene modekha nkupitiriza ntchito yanu, tsiku loyamba mawu adzanjenjemera koma nenanibe.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi kulira kwa tsiku ndi tsikuko. Ngati kwapitirira masabata awiri, zinthu zomwe munkazikonda sizikukusangalatsaninso, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza, pitani kuchipatala msanga mukawauze zonse ngati mmene mwandilembera inemu, kudya kwa usikuko musabise. Akakuyezaninso BP ndi shuga, ndipo ngati pali mankhwala amene mukumwa muwatchule chifukwa ena amanenepetsa. Mudzandilemberenso achemwali, ndikufuna kudzamva kuti zikuyenda bwanji.
Anti wanu